Maluwa a m'miphika osavuta kusamala: kasankhidwe ka oyenera khonde ladzuwa ndi khonde lamthunzi

Azakhali anga ankakonda kunena kuti ine ndilibe dzanja la maluwa, ndipo umboni anali nawo. Chaka china mu Okutobala ndinagula mbande zinayi za impatiens pa nazale ina ya m'mbali mwa msewu, n'kuzindandalika m'miphika pakhonde loyang'ana kumadzulo. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya. Masabata awiri asanathe, m'miphikamo munangotsala timitengo tolendewera, tofewa ngati bonongwe wofutsa. Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti dzanja langa linalibe mlandu. Ndinatenga duwa la m'nkhalango, lozolowera kukhala pansi pa mitengo m'mbali mwa mtsinje, n'kuliika pa simenti yotentha ngati chiwaya.

Maluwa ambiri a m'miphika amafa ndi zinthu ziwiri: kuikidwa pamalo olakwika ndi kuthiriridwa mopitirira muyeso. Mukakonza ziwirizi, zina zonse n'zopepuka. Nayi ndondomeko yake.

Gawo 1: Ndalama zikhale kaye m'thumba, muonerere dzuwa

Sankhani tsiku limene muli pakhomo, Loweruka kapena Lamlungu. Tengani choko kapena khala. Nthawi ya 7 koloko m'mawa lembani mzere pansi pamene dzuwa lalekezera pakhonde. Bwerezani 9 koloko, 11 koloko, 1 koloko, 3 koloko ndi 5 koloko. Pofika madzulo mudziwa malo amene dzuwa limakhalitsa ndi malo amene silipondako n'komwe.

Malo olandira dzuwa maola 6 kapena kuposerapo ndi malo adzuwa. Olandira maola 3 mpaka 5 ndi apakatikati. Osakwana maola 3 ndi amthunzi. Koma maola okha sakwanira, chifukwa dzuwa la m'mawa ndi la masana si limodzi. Maola atatu a dzuwa la 7 mpaka 10 koloko duwa lamthunzi limapirira, mwinanso kusangalala nalo. Maola atatu a dzuwa la 1 mpaka 4 koloko mu Okutobala, khoma litatentha, simenti itatentha, malata nawo akulavula moto, ndi amene anandiphera impatiens uja.

Pali chinanso chimene ambiri sitilabadira: dzuwa limasamuka ndi nyengo. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo limapendekeka. Khonde loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa lambiri m'miyezi yozizirayi, mpaka kulowa pansi pa denga. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limafika paliwombo penipeni, ndipo mu Disembala limakhala litapendekera pang'ono kummwera. Khonde loyang'ana kummwera, limene limakhala mumthunzi kuyambira cha mu Epulo mpaka Ogasiti, nthawi ya Khirisimasi limayamba kuona dzuwa la m'mamawa ndi la chakumadzulo. Ngati mwangosamukira m'nyumbamo, funsani anzanu oyandikana nawo amene nyumba yawo yayang'ana kofanana ndi yanu. Mayi wakhalitsa pamalopo amadziwa pamene amayanika ufa mwezi uliwonse.

Mwachidule, khonde la kum'mawa ndi lamwayi, pafupifupi duwa lililonse limakhalapo. La kumadzulo ndi lankhanza, likufuna maluwa olimba mtima. La kumpoto ndi ladzuwa. La kummwera, kapena limene lili pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala, ndi lamthunzi.

Muganizirenso dera limene mukukhala. Duwa limene limakondwa pa dzuwa la tsiku lonse ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Zomba likhoza kufuna mthunzi wa masana ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nsanje. Ngati khonde lanu limawombedwa ndi mwera kunyanja kapena chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, miphika yopepuka ndi maluwa ataliatali azigwa kawirikawiri.

Gawo 2: Ngati khonde ndi ladzuwa

Yambani ndi vinca. Ena amamutcha periwinkle. Ndi kaduwa ka masamba obiriwira onyezimira, maluwa ake a timapiko tisanu, oyera kapena apinki, kamene kamadzimerera kokha m'ming'alu ya simenti ndi kumanda. Kwawo ndi ku Madagascar. Chilimwe chikafika pachimake, maluwa ena atagonja, iye ndi pamene amachita maluwa ambiri. Mdani wake ndi madzi odikha m'mphika basi. Ku chomera chimenechi asayansi anapezako mankhwala a khansa otchedwa vincristine ndi vinblastine, koma zimenezi zisakupusitseni kuti muwiritse masamba ake n'kumwa. Ali ndi poizoni, ndipo n'chifukwa chake mbuzi zambiri zimangomununkhiza n'kudutsa.

Portulaca ndi wa anthu oiwalaiwala. Timasamba take n'tonenepa ngati timpunga tobiriwira, timasunga madzi, ndipo amayala m'mphika mpaka kusefukira m'mbali. Safuna mphika wakuya, beseni lakale lobooka limamukwanira. Mukathyola kanthambi n'kukabaya m'dothi, kagwira. Chimene muyenera kudziwa ndi chakuti maluwa ake amatseguka dzuwa likakwera ndipo amatseka chakumadzulo kapena kukachita mitambo. Ngati mumachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, muzingomva kwa ana kuti lero kunali kokongola.

Geranium ndiye duwa la pakhonde lenileni, lija la masamba ozungulira a fungo lamphamvu ndi maluwa ofiira owunjikana pamwamba pa kamtengo. Makolo ake ndi a ku South Africa. Amakonda dzuwa, koma amadana ndi mvula yosalekeza ndi kutentha kwa chinyezi. Kumadera okwera amachita bwino chaka chonse. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire mumuike polandira dzuwa la m'mawa lokha. M'dzinja mumukokere pansi pa denga, apo ayi tsinde limada n'kuwola kuyambira pansi. Maluwa akafota, thyolani kamtengo konse kamene kananyamula maluwawo pamene kalumikizana ndi tsinde, ena aphukira.

Bougainvillea ambiri timamudziwa ngati mpanda waminga, koma m'mphika waukulu amakhala bwino kwambiri. Anachokera ku South America, ndipo dzinali ndi la mkulu wa sitima wa ku France, Louis Antoine de Bougainville. Zofiira kapena zapepo zimene timati maluwa zija kwenikweni ndi masamba opyapyala ngati pepala. Duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono pakati pake. Chinsinsi chake n'chodabwitsa: mukamamusasatitsa ndi madzi ndi manyowa, amangobiriwira ndi kutalika. Mukamumana madzi mpaka masamba atayamba kugwetsa nkhope, ndiyeno n'kuthirira, amayaka moto. N'chifukwa chake m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre amakongola kwambiri m'miyezi yopanda mvula. Pomubzala musagwedeze mizu, ndi yosachedwa kuthothoka. Ndipo musamuike pafupi ndi chitseko pamene ana amathamangira, minga zake si zamasewera.

Pali maluwa awiri amene mukhoza kuwasiya mwezi wathunthu n'kuwapeza amoyo. Loyamba ndi crown of thorns, kamtengo kaminga ka maluwa ofiira ang'onoang'ono kamene dzina lake limakumbutsa chisoti chaminga cha Yesu. Nakonso n'kochokera ku Madagascar, ndipo ndi m'bale wake wa nkhadze. Amene munakulira kumudzi mukudziwa zimene utomoni wa nkhadze umachita ukalowa m'maso. Utomoni woyera wa duwali ndi chimodzimodzi, choncho mukamadulira valani pulasitiki m'manja ndipo musadzikande kumaso. Lachiwiri ndi adenium, amene ena amati desert rose. Tsinde lake ndi lotupa pansi ngati kamlambe kakang'ono, ndipo mtundu wina umamera wokha m'tchire la kuchigwa cha Shire, kumene umachita maluwa oyera a m'mphepete mofiira nthawi yozizira masamba atayoyoka. Amafuna dothi lamchenga ndi dzuwa lonse limene mungamupatse. Gulani wa pa nazale, wa kutchire musiyeni komweko. Utomoni wake nawonso ndi poizoni.

Kalanchoe, wa masamba onenepa ndi maluwa ang'onoang'ono owunjikana, amachita maluwa usiku ukatalika, kuyambira miyezi yozizira mpaka kulowa chilimwe. Mnzanga wina anadandaula zaka ziwiri kuti wake sachita maluwa. Titapita kukaona, tinapeza mphika uli pansi penipeni pa getsi la panja limene limayaka usiku wonse. Duwalo silinkaona mdima. Atausunthira mphika kuseri kumene getsi silifika, chaka chotsatira anachita maluwa.

Marigold ndi zinnia ndi otsika mtengo chifukwa mumafesa njere, ndipo pakangotha miyezi iwiri mwayamba kuona maluwa. Koma ndi a nyengo imodzi. Akauma musadziimbe mlandu, nthawi yawo yakwana. Pululani njere, sungani mu envelopu, mudzafesenso.

Lantana yekha ndikukanizani. Ogulitsa ena amamuika m'machubu chifukwa ndi wokongola ndipo safa, koma mbalame zimamwaza njere zake, amalanda tchire ndi madambo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Gawo 3: Ngati khonde ndi lamthunzi

Apa pamafunika kunena zoona. Palibe duwa limene limachita maluwa mumdima. Mthunzi umene tikunena ndi woti mukhoza kuwerenga nyuzipepala masana popanda kuyatsa getsi. Ngati pakona pena ndi pamdima kuposa apo, ikanipo zomera za masamba okhaokha, maluwa muwaike cha kumphepete kwa khonde kumene kuwala kumafika.

Impatiens uja ndinapha ndiye mfumu ya pamthunzi. Ndi wakwathu kuno: amamera yekha m'nkhalango zachinyezi za kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya kutsika mpaka ku Mozambique. Dzina lake la sayansi ndi Impatiens walleriana, pokumbukira Horace Waller, mmodzi wa amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Mackenzie mu 1861. Lero amabzalidwa m'makonde a ku London ndi ku Johannesburg, ena osadziwa kumene anachokera. Amachita maluwa pafupifupi chaka chonse, ofiira, apinki, oyera, alalanje. Kuipa kwake ndi ludzu. Tsinde lake ndi madzi okhaokha, ndiye dothi likangouma amakomoka, ngakhale kuti mukathirira msanga amadzuka pa ola limodzi kapena awiri. Akatalika n'kuyamba kuoneka miyendo, dulani nsonga ndi zikhadabo, aphukira m'mbali. Ana amakonda kukhudza timatumba take ta njere, chifukwa tikakhwima timaphulika tokha m'manja.

Begonia wa masamba onyezimira ngati apakidwa mafuta ndi wopirira kuposa impatiens. Mukaiwala kuthirira masiku awiri kapena atatu sakwiya. Wa masamba obiriwira amakonda mthunzi, wa masamba ofiirira amapirira dzuwa la m'mawa. Thirani madzi m'dothi, osati pamasamba, chifukwa masamba akamagona onyowa amachita nkhungu yoyera ngati ufa.

Peace lily ali ndi masamba atali obiriwira kwambiri ndi duwa loyera looneka ngati chikhatho chotambasula. Ndi duwa lolankhula: likamva ludzu limagwetsa masamba onse pansi, mukalipatsa madzi limaimiriranso. Anthurium, wa duwa lofiira lolimba ngati la pulasitiki, ndi m'bale wake, koma iyeyu amafuna dothi lotakasuka kwambiri, losakaniza ndi timakala ndi makungwa owola. Onsewa ndi a banja limodzi ndi koko, ndipo monga koko wosapsa amayabwa kukhosi, masamba awo amayabwa mwana kapena mphaka akawatafuna. Ngati muli ndi mwana wokwawa, aikeni pamwamba.

Clivia ndi wa anthu odekha. Masamba ake ndi ngati malamba, ndipo kamodzi pachaka, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, amatulutsa mulu wa maluwa alalanje. Ndi wochokera m'nkhalango za ku South Africa. Amakonda kupanikizana m'mphika, ndiye musamusamutse chaka ndi chaka. Mu Juni ndi Julaye muchepetse madzi kwambiri, chifukwa kuzizira ndi kuuma kumeneko ndi kumene kumamukonzekeretsa maluwa. Kumadera otentha kwambiri amangokhala masamba, choncho ndi woyenera a kumtunda.

African violet, kaduwa ka masamba aubweya kochokera ku mapiri a Usambara ku Tanzania, n'kokongola koma sindikuika m'gulu la osavuta. Dontho la madzi ozizira pa tsamba limasiya banga, mphepo sakondwa nayo. Yambani ndi enawo. Ngati mukufuna mitundu yowala pamthunzi popanda kudikira maluwa, bzalani coleus, uja wa masamba ofiira, achikasu ndi obiriwira ngati chitenje.

Gawo 4: Pogula

Pa nazale musathamangire mbande imene yadzaza maluwa. Sankhani yaifupi, ya nthambi zambiri, yokhala ndi timaluwa tosatseguka. Tembenuzani masamba muone kunsi ngati kuli tizilombo. Nyamulani chubu muone pansi: ngati mizu yaboola pulasitiki n'kulowa m'nthaka, wogulitsa aidula pokupatsani ndipo duwalo likafota kunyumba.

Kenako yang'anani pamene mbandeyo yaikidwa. Nazale zambiri za m'mbali mwa msewu zili pansi pa mitengo. Ngakhale duwa ladzuwa, likakulira pamthunzi wotero n'kuliika tsiku lomwelo pa dzuwa la masana, masamba amapsa. Lizolowezeni: masiku atatu pamthunzi, masiku atatu kapena anayi pa dzuwa la m'mawa, kenako pamalo ake. Ndipo funso lakuti "Achimwene, limeneli limakhala padzuwa?" silithandiza kwenikweni, chifukwa yankho limakhala "Paliponse, bwana." Funsani kuti, "Mayi wake wa mbandezi ali pati?" Akakulozerani, onani nokha ngati ali padzuwa kapena pamthunzi.

Musagule mitundu khumi tsiku limodzi. Itatu ndi yokwanira poyamba. Komanso ambiri mwa maluwawa sagulidwa n'komwe, amapemphedwa. Kanthambi ka geranium kotalika masentimita 10 mukathyola, kuchotsa masamba apansi, kukasiya pamthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, n'kukabaya mumchenga wonyowa, kamamera mizu m'masabata atatu kapena anayi. Impatiens ndi coleus amamera mizu m'botolo la madzi pa sabata imodzi kapena ziwiri. Crown of thorns mumusiye masiku awiri kapena atatu utomoni uume musanabzale.

Gawo 5: Mphika ndi dothi

Mphika uliwonse ndi wabwino bola ukhale ndi mabowo pansi. Ndikubwereza: mabowo. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 chodulidwa pamwamba n'kutsukidwa bwino, ndowa yothethekera, beseni lakale, zonsezi zimagwira ntchito. Tenthetsani msomali waukulu pambaula, boolani mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mphika wadothi woumba amayi akumudzi ndi wabwino kwambiri kwa geranium, adenium ndi kalanchoe chifukwa umapuma ndipo dothi limauma msanga. Ngati mukuitanitsa kwa woumba, muuzeni aboole pansi usanawotchedwe, chifukwa kuboola wopsa kale n'kuuswa. Miphika ya simenti ndi yolemera, mphepo siigwetsa ndipo wakuba amaganiza kawiri, koma ikani pamalo pake musanathiremo dothi. Pulasitiki wakuda padzuwa amaphika mizu. Mupakeni penti yoyera kapena mumuike pamthunzi, kumene amathandiza kusunga chinyezi cha impatiens.

Kwa maluwa ambiri, mphika wa masentimita 25 mpaka 30 kukamwa kwake ndi wokwanira. Tizitini ting'onoting'ono timauma pa maola ochepa mu Okutobala. Komanso kaduwa kakang'ono m'chimphika chachikulu kamawola, chifukwa dothi lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali.

Dothi lokumba pabwalo lokha silikwanira. Katondo ndi makande zikalowa m'mphika zimagwirana ngati njerwa, madzi amangodikha pamwamba kapena kutsikira m'mbali. Sakanizani motere: ndowa ziwiri za dothi lakuda lapamwamba, ndowa imodzi ya manyowa owolerana, ndowa imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje. Manyowa akhale oti afika poyoyoka m'manja ndipo sakununkhanso khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimatentha mizu. Kwa adenium, crown of thorns, kalanchoe ndi portulaca, mchenga ukhale theka la zonse. Kwa maluwa amthunzi, onjezani masamba owola a pansi pa mtengo. Nyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba musataye, zisakanizeni momwemo, zimatakasula dothi. Mankhusu a mpunga owola nawonso amathandiza ngati muli kufupi ndi chigayo cha mpunga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja, tambasulani. Likagwirana koma n'kumwazika mukaligunda ndi chala, lili bwino. Likakhala chibuma chonyezimira, onjezani mchenga.

Ambiri tinaphunzitsidwa kuyala miyala pansi pa mphika. Miyalayo imangodya malo a mizu, madzi sathamanga chifukwa cha iyo. Phale limodzi lovundikira bowo lililonse kuti dothi lisatuluke ndi lokwanira.

Gawo 6: Kubzala

Bzalani chakumadzulo dzuwa litapepa. Thirirani mbande ili m'chubu momwemo, dikirani kanthawi, ndiyeno ng'ambani chubu ndi lezala m'malo mokoka duwa. Ikani m'mphika kuti dothi lifike pamene linkalekezera m'chubu, osakwirira tsinde. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa dothi ndi mlomo wa mphika kuti madzi azikhala ndi poima. Tsinderani pang'ono ndi manja, thirani madzi mpaka atuluke pansi. Mphika ukhale pa zidutswa za njerwa kuti mabowo asatsekeke ndi simenti, komanso kuti muziona chiswe chikayamba kumanga njira.

Mukafuna kuika mitundu ingapo mumphika umodzi, phatikizani a ludzu lofanana. Vinca ndi portulaca amagwirizana. Impatiens ndi coleus amagwirizana. Geranium ndi impatiens ndi ukwati wosatheka, mmodzi afa basi.

Gawo 7: Kuthirira

Iwalani za kuthirira tsiku ndi tsiku ngati lamulo. Chala chanu ndiye muyeso. Pisani m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dutsani. Mukamva kouma, thirani mpaka madzi atuluke pansi. Kuwaza timadzi pamwamba kumangonyenga maso, mizu yapansi imakhala ndi ludzu.

Mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, miphika ya padzuwa ingafune madzi tsiku lililonse, impatiens mwina kawiri. Mu Juni ndi Julaye kawiri pa sabata kangakwane, ndipo adenium ndi crown of thorns akhoza kutha masabata awiri. M'dzinja muli msampha: miphika ya pansi pa denga sinyowa ngakhale kunja kukugwa mvula yamkuntho, pomwe imene ili polunjika madzi otsika pa malata imamira. Yoyambayo muziithirira, yachiwiriyo muisunthe.

Duwa lothiriridwa kwambiri limafota ngati la ludzu, ndipo apa ndi pamene ambiri timalimaliza powonjezera madzi. Kusiyana kwake ndi uku: la ludzu dothi lake ndi louma, mphika ndi wopepuka. Lomira dothi ndi lonyowa, masamba apansi achita chikasu, ndipo nthawi zina mumatuluka kafungo kowola. Lotero lisiyeni liume, ndipo tokosani mabowo ndi kamtengo.

Ngati pakhomo pali wothandiza ntchito kapena ana amene amathirira, asonyezeni za chalazi, chifukwa munthu wouzidwa kuti "uzithirira maluwa" amathirira onse mofanana. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino. Madzi ochapira a sopo waufa ayi, amawononga dothi pang'onopang'ono. Kumadera amene mijigo imatulutsa madzi amchere, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje, mudzaona zoyera pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa mphika. Paleni, ndipo mvula ikagwa tungani madzi ake muthire ambiri kuti atsuke mcherewo. Mukaika mbale pansi pa mphika, tayani madzi otsalamo, apo ayi mukuweta udzudzu pakhomo panu.

Gawo 8: Chakudya ndi tizilombo

Dothi la m'mphika limasuluka chifukwa kuthirira kulikonse kumatsuka chakudya. Miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, palani dothi lapamwamba pang'ono n'kuikapo manyowa owolerana odzaza manja awiri. Ngati mukufuna feteleza, musatape urea wotsala kumunda. Urea ndi nayitrojeni yekhayekha, 46 peresenti, ndipo amakupatsani masamba obiriwira opanda duwa. D Compound ndi wabwinoko. Theka la kasupuni ka tiyi pa mphika wa masentimita 30, kamodzi pa mwezi kapena iwiri, mozungulira m'mphepete kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa. Mukachulutsa, m'mawa mupeza masamba apsa m'mbali.

Nsabwe za zomera zimaunjikana kunsonga zanthete, kodikodi amaoneka ngati timathonje m'mphanda za nthambi. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa duwa, fufuzani, zikuweta tizilomboti. Sungunulani kachidutswa ka sopo wamtanda mu lita imodzi ya madzi mpaka achite thovu pang'ono, wazani kunsi kwa masamba madzulo, bwerezani pakatha masiku asanu. Madzi onyikamo masamba osinja a nimu usiku wonse nawonso amathandiza. Akangaude ofiira, aja amavutitsa tomato, amabwera nthawi yotentha ndi youma, ndipo masamba amaoneka otuwa ngati athiridwa fumbi. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi pafupipafupi. Nkhono zimadya begonia ndi impatiens usiku m'dzinja. Tengani tochi cha m'ma 8 koloko muzitole.

Nkhuku ndiye nkhani ina. Zimakonda kufukula dothi lofewa la m'mphika ndi kusambamo. Yalani miyala yokulirapo ngati mazira pamwamba pa dothi, kapena kwezani miphika pa benchi.

Mukamachoka pakhomo masiku angapo

Khirisimasi, maliro kapena ukwati kumudzi zimatha kukuchotsani sabata yathunthu. Tsiku lonyamuka thirirani yonse mokwanira, sunthirani miphika pamalo amodzi amthunzi moyandikana kuti izitchinjirizana ku mphepo, ndipo phimbani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza. Kwa impatiens ndi peace lily, tengani botolo la pulasitiki la malita awiri, boolani kabowo kamodzi pa chitsekerero ndi singano yotentha, dzazani madzi, lizikeni chozondoka m'dothi pafupi ndi m'mphepete. Liyeseni masiku awiri musananyamuke, chifukwa bowo likakula botolo limatha usiku umodzi, likachepa dothi limalitseka. Adenium, crown of thorns, kalanchoe ndi portulaca asiyeni pamalo awo, ndipo amene mwamusiyira makiyi mumuuze kuti amenewo asawathire madzi ngakhale atamva chisoni.